Mutu Umene Ndinkaopa Kuwerengera Amama

Buku langa linali litatha, kupatula mutu umodzi. Ndikati litatha ndikutanthauza kuti ine ndinali nditatopa nalo, ndipo mkazi wanga anali atatopa ndi ine. Mutu wotsalawo unali wa maliro, ndipo vuto lake linali limodzi: munali amama. Ndinawapatsa dzina lina, ndinawachotsera ana awiri, ndinawasamutsa mumsewu wathu wa ku Buchi, komboni ya ku Kitwe, n'kukawaika kuseri kwa msika, koma aliyense wotidziwa akanawazindikira asanamalize ndime yoyamba. Ndipo m'mutu umenewo mayi wamasiye amaseka pamaliro a mwamuna wake.

Ine si munthu wa sukulu. Ndinalekezera giredi naini, ine ndi masamu titagwirizana mwamtendere kuti aliyense ayende njira yake. Ndimagulitsa masipeya a galimoto pashopu ina m'tauni ya Kitwe. Kuwerenga ndinakuphunzira pamiyulu ya mabuku akale amene amayalidwa pansi m'mbali mwa msewu, pafupi ndi ogulitsa nsapato zovalidwapo kale za salaula. Ambiri mwa mabuku amenewo analibe zikuto, ndipo ena analibe masamba omalizira. Ndinkafika pamene wakuba watsala pang'ono kugwidwa, n'kupeza kuti chotsatira ndi ulusi ndi guluu wouma. Mapeto ndinkapeka ndekha m'minibasi popita kunyumba. Ndikuganiza kuti matenda anga olemba anayambira pamenepo.

Bukulo ndinayamba kulilemba pafoni, ndi chala chimodzi, pakati pa kasitomala wofuna mabuleki ndi wofuna fanibeluti. Kenako ndinagula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, imene batire yake inkafa nthawi imodzi ndi magetsi, ngati anapangana. Ndinalemba m'Chinyanja. Kuno ku migodi Chinyanja ndi chilankhulo cha m'nyumba. Ukangotuluka pageti umavala Chibemba ngati jekete. Koma nkhani yanga inali ya m'nyumba, ya banja la munthu wa mumgodi wochokera kuchigawo cha kummawa kwa dziko lino, ndipo m'Chibemba anthu anga ankamveka ngati alendo pakhomo pawo pomwe.

Wowerenga wa kutali ndimufotokozere kanthu kamodzi. Kuno ife a kummawa ndi Abemba timatchulana ambuya, ndipo ubale umenewu timauti chimbuya. Mbuya wako si gogo wako ayi. Ndi munthu amene muli ndi ufulu wonyozana naye popanda mlandu. Iwo amati ife timadya mbewa, ife timati iwo amadya anyani, ndipo nkhaniyo sinaweruzidwepo. Pamaliro ndi pamene chimbuya chimagwira ntchito yake yeniyeni. Akafa wa kummawa, Abemba ndiwo amaphika, kutunga madzi ndi kunyamula bokosi, komanso amapaka anamfedwa ufa kumaso n'kumamunyoza wakufayo mmene afunira. Akafa Mbemba, ntchitoyo imakhala yathu.

Atate anagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka mwala unawagwera pamwendo. Kuchokera pamenepo ankatsimphina, koma motsimphina mwaulemu, chifuwa chili patsogolo, ngati njira ndiyo yalakwa. Asanalankhule ankayamba atsokomola kawiri n'kuyang'ana wotchi, ngakhale nkhaniyo ikhale yopempha mchere. Chisoti chawo cha kumgodi chinkakhala pamsomali kuchipinda, ndipo palibe ankachikhudza.

Woyandikana nafe anali mayi wa Chibemba wogulitsa zitumbuwa pamsika. Iye ndi atate anakangana moyo wawo wonse za mtengo wa gwafa umene unamera m'malire, ndipo tsiku lililonse ankawapatsa moni wowafunsa ngati mbewa zadzulo zinapsa bwino. Atate atamwalira, m'mawa wa tsiku loika, thupi lili pabalaza, azimayi akuimba motsitsa, mayi uja anatulukira kuchipinda cha atate atavala chisoti chija, ovolosi ndi majombo. Anayenda motsimphina, chifuwa patsogolo, n'kuima pabokosi. Anatsokomola kawiri. Anayang'ana padzanja pamene panalibe wotchi. Kenako, m'Chinyanja chothyokathyoka mwadala, anafunsa kuti kodi waulesi ameneyu adzuka liti, poti shifiti yayamba kale, ndipo analengeza kuti mbewa zonse za ku Buchi zituluke m'mauna zikachite phwando chifukwa mdani wawo wagona.

Azimayi a mumsewu anaseka. Azakhali anga, alongo awo a atate amene anabwera pabasi kuchokera ku Katete, anangoti gwa. Amama anali pamatiresi pambali pa bokosi. Chichokereni kuchipatala anali asanalankhule, asanadye, ndiponso asanalire. Anakoka chitenje n'kuphimba nkhope, mapewa awo n'kuyamba kugwedezeka, ndipo anthu anati kulira kwafika tsopano. Ine ndinali nditagwada pafupi, ndili kale munthu wa ndevu zanga. Chitenje chinatseguka pang'ono ndipo ndinaona. Ankaseka. Azakhali aakulu nawonso anaona.

Za mbuya kunyoza wakufa azakhaliwo analibe nazo mawu. Koma mkazi kuseka mwamuna wake ali m'bokosi, iwo anati ameneyo akudziwa chimene chamupha. Sanakuwe. Ananena motsitsa kuseri kwa nyumba, ndipo mawu otsitsa ndi amene amafika patali. Kwa zaka zambiri a kwa atate sanapondenso pakhomo pathu. Ine ndi amama sitinakambiranepo za tsiku limenelo.

Mutu wa malirowo ndi umene sunandivute polemba koyamba. Mitu ina ndinkachita kuikoka ngati mbuzi yokana kupita kumsika, koma uwu unangotuluka wokha Lamlungu lina masana. Nditamaliza ndinadziona ngati wolemba weniweni, mpaka ndinayenda kukagula malalanje osatumidwa.

Buku lonse nditalisindikiza pamapepala kukafe ya intaneti, ndinalinyamula m'pulasitiki kupita nalo ku Ndola, ku Nkwazi, kwa mkulu wina wa mpingo wa Chipresibeteriya amene mnzanga anandilozera. Makolo ake anachokera ku Malawi, iye anakalambira pa ukalaliki m'maofesi a mgodi, ndipo ndiye ankakonza zolembedwa zonse za kumpingo kwawo. Ankawerenga ndi rula, akuitsitsa mzere ndi mzere, bolopeni yofiira ili m'kamwa. Anandiuza kuti ndibwerenso pakatha mwezi. Mwezi umenewo ndinapatsa makasitomala angapo masipeya olakwika.

Nditabwerera, mapepala anga anali ngati achita ngozi. Mkuluyo anandikhazika pampando, anandipatsa tiyi, n'kuyamba kundisenda mofatsa. Anandionetsa kuti munthu amene ndinamuika m'manda m'mutu wachinayi akugula matimati m'mutu wakhumi. Anandionetsa mvula yamphamvu imene ndinagwetsa mu Julaye. Anati anthu a m'buku langa amausa moyo kwambiri, ndipo akapanda kuusa moyo amamwa tiyi, moti iye powerenga anayamba kuda nkhawa ndi shuga wawo. Mawu a Chibemba amene anandilowerera osadziwa anawazunguliza onse, koma anati ena ndiwasiye, chifukwa munthu wa ku Buchi wolankhula ngati wa pawailesi palibe angamukhulupirire. Ndinkangogwedeza mutu. Zinkawawa, koma kuwawa kwake kunali kwa jekeseni.

Titafika pamutu wa maliro ndinaona kuti mulibe chofiira ngakhale pamodzi. Anangopinda kangodya ka tsamba. Anachotsa bolopeni m'kamwa n'kunena kuti mutu umenewu ndi wabwino kuposa yonse. Kenako anafunsa.

"Amayi anu ali moyo, aphwanga?"

Ndinati ali moyo.

"Nanga azakhali aja?"

Ndinati aakulu aja alipo, ku Katete. Sindinamuuze kuti nkhaniyo ndi ya kwathu. Anangodziwa.

Sananene kuti ndichotse. Anati chimbuya amachidziwa, nayenso anapakidwapo ufa pasuti yake yatsopano, ndipo pamaliro zoterezi zimatha ndi tsikulo. Koma buku limakhala pashelefu, mdzukulu amalitenga n'kukawerengera munthu amene sunaganize kuti adzamva. Anati pali njira ziwiri: ndikawafunse eni ake, kapena ndisinthe mpaka eni ake asadzipezemo.

Ndinasankha kusintha, chifukwa kusintha sikufuna kuyang'ana munthu m'maso.

Poyamba ndinachotsa kuseka n'kuika kumwetulira. Ndinawerenga n'kuona kuti kumwetulira pabokosi n'koipa kuposa kuseka. Kumaoneka ngati munthu amene zake zayenda. Ndinachotsa kumwetulira n'kuika kutsokomola. Tsopano mbuya ankavala chisoti, kutsimphina, kunyoza, ndipo mapeto a zonsezo mayi wamasiye n'kutsokomola, ngati nkhani yonse inali ya fumbi. Ndiye ndinamuvula mbuya chisoti. Ndinamuvula majombo. Ndinamukhazika pansi pambali pa wamasiye, n'kumupatsa mawu otonthoza okoma kwambiri, onena za ulendo umene tonse tidzayenda. Mutuwo unakhala waulemu, woyera, wofa kuposa mwini maliro.

Palaputopu panadzaza mafayilo. Panali "maliro", "maliro atsopano", "maliro omaliza", "maliro omaliza enieni". Ndinkatsegula ina, kusintha mzere, kutseka, kutsegula inzake, kubwezera mzere womwewo. Chakudya chinkandizizirira pambale. Kushopu ndinkaima ndi sipana m'manja ndikuganiza za chitenje. Tsiku lina mkazi wanga anasuzumira paphewa langa, anawerenga mayina a mafayilowo n'kundifunsa kuti kodi apongozi ake aamuna ndiwaika m'manda kangati, ndipo ndidzawalola liti kuti apumule.

Ndinamufotokozera za luso la kulemba, kuti wolemba weniweni amabwereza ntchito yake kambirimbiri. Anandimvetsera mpaka kumapeto, chifukwa ndi munthu woleredwa bwino, kenako anati kubwereza akukuona, koma chimene ndikuchita ine ndi kuzungulira nyumba ya amama osagogoda.

Nthawi nayo inali itandipanikiza. Wosindikiza amene ndinapangana naye ku Ndola ndi wa makalendala, makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Anandiuza kuti ndibweretse fayilo nyengo ya makalendala isanayambe, apo ayi makina ake sadzandipatsa mpata mpaka chaka chamawa. Ndipo ine, ndi pakamwa pangapa, ndinali nditauza kale anthu a kushopu, a kumphakati, ngakhale kondakitala wina wa minibasi, kuti pofika Khirisimasi buku likhala m'manja mwawo. Ena anali atayamba kunditchula kuti alembi, mwa mtundu uja wa ulemu umene umadikira kuti ugwe.

Chimene ndinkaopa sindinkachitchula, koma ndinkachidziwa. Ndikasindikiza mutu weniweniwo, ndidzakhala ndatenga chinthu chimene amama anabisa m'chitenje n'kuchiyala pamsika, ine mwana wawo woyamba, n'kupatsanso azakhali umboni wolembedwa. Ndikasindikiza wofatsawo, buku lonse lidzakhala nyumba yomangidwa mozungulira dzenje. Ndipo kuwafunsa kunkatanthauza kuwauza kuti ndinaona.

Loweruka lina masana ndinasindikiza mitu iwiriyo. Wofatsa ndinaunyamula m'manja, weniweni ndinaupinda n'kuubisa m'thumba la mkati la jekete, ngakhale kunkatentha moti phula linkanyambita nsapato. Ndinakwera minibasi ya ku Buchi. Ndinatsikira dala patali kuti ndiyendeko, ndipo ndinadutsa mumsika pang'onopang'ono ngati munthu wofuna kugula chinthu chimene sichinapangidwe.

Amama ndinawapeza pakhonde, lichero lili pamiyendo, akusankha nyemba. Maso awo anachita ng'ala, ndiye miyala amaipeza ndi zala. Mtengo wa gwafa ukadalipo m'malire, koma mbuya uja kulibe. Anamwalirira ku Garneton, papuloti ya mwana wake, ndipo pamaliro ake amama ndi amene anasenza beseni la zitumbuwa n'kumazungulira nalo bokosi akuitanira malonda. M'nyumba mwake muli anthu ena tsopano.

Ndinakhala pampando waung'ono. Ndinafunsa za denga. Ndinafunsa za mapiritsi awo. Ndinafunsa ngati madzi akutuluka pampopi. Anayankha zonse, zala zikuyendabe m'nyemba, kenako anati ndatsokomola kawiri ngati atate akafuna kupempha kanthu, ndiye ndingonena chimene ndabwerera.

Ndinati ndabwera kudzawawerengera kachigawo ka buku lija. Anati buku lija lomwe lamuwondetsa mpongozi wawo? Ndiwerenge amve.

Ndinawerenga wofatsa uja. Mawu anga ankamveka ngati a munthu wolengeza za chopereka. Ndinadutsa pa nyimbo za azimayi, pa bokosi, pa mnansi wokhala pansi mwaulemu ndi mawu ake a ulendo wa tonse. Nditamaliza amama anataya kamwala pabwalo.

"Ameneyu ndani?"

"Woyandikana nawo, amama. Wa m'buku."

"Mbemba?"

"Ee."

"Mbemba wa kuti wolankhula ngati sisitere? Munthu wakoyu anawalakwira chiyani anthu, kuti afe popanda womunyoza? Anali mfiti?"

Ndinati sanali mfiti, anali munthu wabwino, wa mumgodi. Anati ndiye ndamuika ngati galu wa mlendo. Maliro opanda mbuya ndi a munthu amene sanabwerekepo mchere kwa aliyense. Anandifunsa ngati buku lonse ndi lotero, chifukwa ngati ndi lotero ndisavutitse makina a anthu.

Thukuta linali litanyowetsa kale pepala la m'jekete. Ndinalitulutsa. Ndinati pali kalembedwe kena, koyamba, kamene mwina sikabwino. Anati ndiwerenge, nyemba zikadalipo zambiri.

Ndinayamba. Pa chisoti zala zawo zinaima. Pa majombo anatukula mutu n'kuloza nkhope kumene kunkachokera mawu anga. Nditawerenga za shifiti ndi za mbewa zochita phwando, anatulutsa kamphepo m'mphuno. Kenako ndinafika pamzere uja. Ndinauona ukubwera kuchokera pamwamba pa tsamba ngati bampu pamsewu, ndipo nditafika ndinaima. Ndinanamizira kuti zilembo zafufutika.

"Pitiriza," anatero.

Ndinawerenga kuti wamasiyeyo anakoka chitenje n'kuphimba nkhope, kuti anthu anayesa akulira, ndi kuti mwana wake amene anagwada pafupi anaona kuti akuseka.

Kumsewu kunadutsa wogulitsa makala akuitanira. Amama anabwezera zala m'lichero n'kuyambanso kusankha, nyemba imodziimodzi. Ndinayang'ana mtengo wa gwafa. Ndinayamba kukonza m'mutu mawu opepesa, ndiponso mawu okauza wosindikiza, a kushopu ndi kondakitala uja. Ndinaganiza zoti masipeya ndi ntchito yabwino, yosakhumudwitsa kholo la munthu.

Kenako anaika lichero pansi, anagwira chipupa n'kuimirira.

"Walakwitsa mwendo," anatero. "Walemba wamanzere. Mwala unagwera wamanja."

Ndipo amama, ndi msana wawo wopindika, anatulutsa chifuwa patsogolo n'kuyenda pakhondepo, akukoka mwendo wamanja. Anafika pamzati, anatsokomola kawiri, anayang'ana padzanja. Sindikudziwa ngati ankatsanzira atate kapena ankatsanzira mbuya akutsanzira atate. Onse awiri anali pamenepo.

Atakhalanso pansi, akupuma mwabefu, anandifunsa ngati ndinaonadi tsiku lija kapena ndinachita kumva kwa azakhali. Ndinati ndinaona. Anati iwo ankadziwa kuti ndinaona, chifukwa kuyambira tsiku limenelo ndinkawapatsa moni ngati munthu amene wawaswera mbale n'kubisa zidutswa.

Anandiuza mwachidule, osakweza mawu. Anati chichokereni kuchipatala m'chifuwa mwawo munali ngati mwaikidwa njerwa. Anthu ankalira, iwo ankangoona pakamwa pa anthu pakutseguka. Munthu wa m'bokosi sankamudziwa; anali wofatsa kwambiri, wosatsokomola. Koma mbuya atatulukira pakhomo paja, anaona mwamuna wawo yemweyo, ndi matama ake onse, ndipo m'pamene anamva kuti ameneyu ndiye sadzalowanso pakhomo limenelo. Kuseka ndi kumene kunayamba kutuluka chifukwa ndi kumene kunali pafupi ndi khomo. Kulira kunabwera pambuyo pake, kumanda, ndipo azakhali analipo, koma zimenezo sanakafotokoze ku Katete.

Ndinati nkhawa yanga ndi azakhali omwewo. Ali ndi adzukulu odziwa kuwerenga, ndipo buku limayenda. Amama anati alamu awowo analankhula kale zonse zimene anali nazo, mpaka mano anawathera m'kamwa, ndipo buku langa silingawapatse mawu atsopano. Ndinafunsa ngati ndiye akundilola kuti mutuwo ukhale mmene ulili.

Anati ayi.

Ndinadikira.

"Uchotse chitenjecho."

Sindinamve. Anabwereza. Anati iwo anaphimba nkhope chifukwa alamu awo anali atakhala pakhomo ngati apolisi, ndipo anali ndi ana oti alere pakati pa anthu. Koma mkazi wa m'bukuyo akuopa ndani? Aseke poyera, mutu uli m'mwamba, mano onse panja, aliyense aone.

Ndinati koma si mmene zinachitikira.

"Iwe si unati ndi buku lopeka? Mkazi wako wandiuza kuti wandichotsera ana awiri, wandisamutsa nyumba, osandifunsa. Chitenje chokha ndiye chakulemera?"

Anandipatsa lichero kuti ndikathire nyembazo mumphika, n'kundiuza kuti ndisathire madzi ambiri ngati mmene ndathirira mawu.

Ndinkayesa kuti kuchotsa chitenje ndi ntchito ya mzere umodzi. Ayi ndithu. Wamasiye akaseka poyera, chipinda chonse chiyenera kuchitapo kanthu. Azimayi a nyimbo aleke kapena apitirize? Mbuya atani, poti nayenso sanayembekezere? Azakhali a m'buku, amene kale ankanong'ona kuseri kwa nyumba, tsopano anayenera kulankhula pamaso pa anthu, ndipo wina anayenera kuwayankha. Ndinalemba, kufufuta, kulembanso. Mutu wotsatira unagwedezeka, unzakenso n'kutsatira. Magetsi anazima kawiri ndisanasunge. Pamapeto pake mbuya wa m'buku anavula chisoti n'kuchiveka wamasiyeyo, amene anali akusekabe, ndipo kulira kunamupeza ali nacho kumutu. Zimenezo sizinachitike pamaliro a atate, koma nditawerengera amama pafoni anati ndi mmene zinayenera kukhalira.

Ndinapita nawonso mutuwo ku Nkwazi. Mkulu uja anatsitsa rula yake mpaka pansi pa tsamba lomaliza, bolopeni ili m'kamwa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa ngati eni ake avomereza. Ndinati eni ake ndi amene akonza. Anati iye akanakhala ine akanaopabe. Ndinati ndikuopabe. Anati chabwino, n'kuzunguliza malo amodzi pamene munthu wina anausanso moyo.

Fayilo ndinakaipereka kwa wosindikiza makalendala asanayambe. Anailowetsa mukompyuta yake pakati pa khadi la ukwati ndi pulogalamu ya maliro a munthu wina, n'kundiuza kuti mawa lake ayamba. Ndinatuluka m'manja muli mopepuka modabwitsa. Ndinakwera minibasi ya ku Kitwe, mapepala anga akale ofiira aja ali m'pulasitiki pamiyendo, ndikuganiza za mdzukulu wina ku Katete atakhala pamphasa akuwerengera gogo wake mokweza.

Tisanatuluke bwino mu Ndola foni inalira. Anali amama. Anafunsa ngati ndapereka. Ndinati ndapereka. Anafunsa ngati mkazi uja akuseka.

"Akuseka, amama. Pamaso pa onse."

"Chabwino. Nanga mwendo?"

Ndinati ndinakonza, ndi wamanja. Anati zikomo, n'kudula.

Ndinakhala pang'ono foni ili m'manja. Pamaliro ndinakonzadi. Koma munthuyo sanayambe kutsimphina ali m'bokosi. Ndinang'amba pulasitiki, ndinavundukula mapepala, chigongono changa chikugunda mayi amene ndinakhala naye, mpaka ndinapeza mutu wachiwiri, pamene mwala umagwa. Unagwera wamanzere. M'mutu wachisanu akukwera masitepe a tchalitchi, wamanzere. Rula ya ku Nkwazi sikanadziwa, ndipo ine ndinali nditayang'ana chitenje chokha.

Ndinagogoda denga la minibasi. Kondakitala anandiyang'ana n'kufunsa m'Chibemba ngati wa kummawa waona mbewa m'tchire. Ndinati ee, yaikulu, ndipo ndinatsika n'kuwoloka msewu kukadikira yobwerera ku Ndola.